Chikho cha Barnaba

Achimwene,

Landirani moni wanga ndi wa onse pakhomo. Kuno tili bwino, koma chifuwa cha amayi sichinathe.

Mng'ono wanu Barnaba wabwerako ku Joniko ndi chikho, akuti anagonjetsa amuna onse ochepa thupi pa nkhonya. Khoka la nsomba sakoka, akuti manja angawonongeke. Chinangwa sadya, akuti akanenepa sikelo idzamukana.

Sabata yatha asipayi, apolisi a boma aja, anabwera kudzagwira anthu a chibalo. Katswiri wathuyo anakabisala pansi pa bwato lovundikira, ndipo anakwanamo bwinobwino. Asipayiwo anatenga atate m'malo mwake, ndi msana wawo wopweteka uja.

Titumizireni bulangeti, atate akugona panja kumene akulima msewu. Mulungu akusungeni. Chikho chija chapeza ntchito, tikukapira madzi m'bwato.

Mlongo wanu,
Esitere