Kiriketi Yabodza Imene Ndinawauza Appa

Seremban

Okondedwa achemwali anga, Akka Pavalam,

Ndikhulupirira muli bwino ku Toronto kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Bondo lija lasiya kuvuta? Kuno mvula ikugwa masana alionse, denga la kukhitchini layambanso kudontha, koma tonse tikudzuka.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndikanangokufunsani za chisanu n'kudula.

Mukudziwa kuti chifereni maso awo, kiriketi bambo athu Appa amaionera pakamwa panga. Amati azungu oulutsa masewero amalankhula ngati akutafuna, ndiye ndimatsitsa mawu a TV n'kumawafotokozera m'Chitamil mpira uliwonse. Anabadwira konkuno, ku Jaffna, kwawo kwa makolo awo ku Sri Lanka, anangopitako kamodzi, komabe anyamata a Sri Lanka amawatcha "ana athu".

Mwezi watha ana athuwo anapita ku Australia kukasewera ma Tesiti, aja a masiku asanu. Akka, kunali kukwapulidwa. Masewero oyamba anatha tsiku lomaliza lisanafike n'komwe. Appa anatukwana, anamenya patebulo, kenako anagwira pachifuwa. Ndinathamangira nawo kuchipatala. Dokotala anati mtima sunawonongeke, koma asamapse mtima chotero.

Ndiye pa masewero achiwiri ndinayamba kunama. Womenya mpira wathu atatuluka asanachite kanthu, ine ndinati akadalipo. Appa anamwetulira, ine n'kupitiriza. Ndinamupatsa marani zana, zigoli za kiriketizo, munthu amene anali atakhala kale pabenchi. Ndisabise, nanenso zinkandikoma. Pa TV ana athu ankagwa mmodzimmodzi, pakamwa panga ankapambana. Masewero enieni atatha ndinapitiriza anga tsiku lina lathunthu, TV ikuonetsa anthu osewera gofu. Pomaliza ndinawauza kuti tapambana.

Lamlungu anaumirira kuti ndiwaperekeze kumalo a tiyi kwa Rahim, kumene amakumana ndi anzawo. Anavala malaya awo oyera aja. Ndinadziwa chimene chikubwera, koma ndinawaperekezabe.

Asanakhale pansi anaitanitsa tiyi ndi zitumbuwa za thosai za tebulo lonse. Anauza a Maniam, aja anali aphunzitsi, kuti chaka chonse akhala akunyoza ana athu, lero amwe tiyi wa manyazi. A Maniam anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, nati mwina mkuluyu waonera masewero akumaloto. Appa anayamba kutchula marani anga aja mokweza, munthu ndi munthu. Kuseka kunatha. A Maniam anayang'ana ine, ena anayang'ana m'makapu mwawo. Palibe anawatsutsa, koma Appa anamva okha kuti tebulo lazizira, ndipo anasiyira panjira.

Tinakwera galimoto kubwerera kunyumba. Titafika pageti ndinayamba kufotokoza za dokotala, iwo anandidula.

"Thayalan, kugonja ndinakuzolowera iwe usanabadwe. Maso ndinabwereka ako. Tsopano ndibwereke a ndani?"

Masewero omaliza anamvera okha, mawu a TV ali pamwamba, ine nditakhala pambali pawo. Tinagonjanso. Sanatukwane, sanandifunse ngakhale funso limodzi. Ndinkalakalaka atandikalipira.

Chondilembetsa kalatayi n'chakuti sakukhulupiriranso chilichonse chotuluka pakamwa panga. Botolo la mankhwala amapapasa nalo mpanda kupita kwa mayi Lim oyandikana nafe kuti awawerengere. Lachiwiri dokotala anandiimbira kundiuza zotsatira za magazi, ndipo ndinawauza Appa kuti mtima uli bwino. Anangoti, "Ngati ana athu ku Australia?"

Dzulo ndinawapeza akupinda zovala zawo zabwino, akuuza mkazi wanga kuti ichi chidzapite kwa uje, ichi kukachisi. Akuganiza kuti akufa ndipo ine ndikuwabisira. Chakudya achepetsa.

Akka, chonde ndithandizeni. Nambala ya dokotala ndakutumizirani pa foni, ndipo ndamupempha kuti akuuzeni zonse. Mulankhule naye, kenako muwaimbire Appa. Muwauze za mtima kuti ulidi bwino. Muwauzenso za impso, zimene dokotala sanakondwe nazo ndipo akufuna kuziyezanso. Zimenezo Lachiwiri ndinazidumpha. Ndinaona nkhope yawo, lilime langa n'kuchitanso zomwe zija.

Musandiikire kumbuyo, ndiponso musawapemphe kuti andikhululukire. Mungowauza mmene zilili, zabwino ndi zoipa, pakuti inu akumvani.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndipo mumuuze Nila kuti agogo ake amamufunsa. Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
Thayalan