Zikope za Bambo a Halimah

Thambani, Mwanza
14 Ogasiti

Okondedwa achimwene a Shakir,

Asalamu alaikum. Kaya muli bwanji ku Joniko, inu, alamu ndi ana? Ife kuno tili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona.

Kalata ndinakutumizirani mu Malichi ija, chonde ing'ambeni. Ndinawanamizira amuna anga, bambo a Halimah. Ndinalemba kuti ayamba kumwa mobisa ndipo ndikufuna banja lithe. Achimwene, munthuyu mowa sanaulawepo.

Mukanawaona, mwina nanunso mukanaganiza choncho. M'mawa ankadzuka bwinobwino n'kukhala pamakina awo osokera. Dzuwa likangopendeka, zikope zinkagwa, mawu n'kumatulukira m'mphuno, ulusi osalowanso pasingano. Makasitomala anayamba kudzatenga nsalu zawo. Ine ndinkachita kununkhiza malaya awo. Tsiku lina ndinawalalatira pakhonde la shopu, msika wonse ukumva. Iwo anangokweza chikope ndi chala kuti andione.

Mu Epulo anatsamwa ndi tiyi mpaka kubanika. Tinawanyamula pa pikapu kupita kuchipatala cha kuno ku Thambani. Namwino wina, a Liness, atamva kuti vutoli limakula madzulo, anati umenewu si mowa, tithamangire kuboma. Kubomako anatitumiza ku Blantyre.

Dokotala wa kumeneko anachita kutijambulira papepala. Akuti kuseri kwa fupa la pachifuwa kuli kachiwalo kotchedwa thaimasi, komwe asilikali a m'thupi amaphunzirira kusiyanitsa mdani ndi mwini thupi. Kawo kanakula n'kusokonekera, ndiye chitetezo chawo chomwe chinkawononga pamene mitsempha imalumikizana ndi minofu. Ndinalira mpaka dokotala anaika pansi cholembera.

Anakachotsa mu Juni. Asanalowe ku opaleshoni, madokotala ofufuza anapempha kachidutswa kake. Akuti akufuna kuona mmene maenzaimu, tinthu tofulumizitsa ntchito za m'thupi, amagwirira ntchito m'kachiwaloko, poti mwina m'pamene zimalakwikira. Bambo a Halimah anasaina, n'kuwauza kuti atenge konse, kawazunza mokwanira.

Sanachiriretu ayi. Mapiritsi akumwabe, ndipo akuti mphamvu zimabwerera pang'onopang'ono. Koma akudya osatsamwa, ndipo sabata yatha anamaliza diresi laukwati la mwana wa a Esinati, oyandikana nafe aja.

Za kalatayo ndinawaululira ndekha. Iwo anati, "Nanenso ndinkayesa ndikupenga, mayi a Halimah. Mukanachoka sindikanakuimbani mlandu. Koma simunachoke."

Tsono pempho langa ndi ili. Chiwerengereni mawu anga aja, munasiya kuyankha foni za bambo a Halimah. Wolakwa ndine, osati iwo. Sadandaula, koma foni ikangolira amathamangira kuona ngati ndinu. Aimbireni Lachisanu mukatuluka ku mzikiti. Mawu awo akumveka bwino tsopano, mudzamva nokha.

Mundiperekere moni kwa alamu a Mwanasha ndi ana onse. Halimah akuti malume asaiwale kuti wafika Sitandade 5. Allah akusungeni ndi kukutetezani kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Latifah