Buku la Yusufu Landiulula

Amayi anga, kukucha bwanji kumene muliko?

Kuno ku Ntaja tilipo. Thonje labereka chaka chino, ndipo mkazi wa mchimwene wanga Yusufu wabereka mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Khadi la chipani ndinataya, moti ndinatha masabata awiri osaloledwa kulowa mumsika, koma zimenezo zinatha.

Nkhani yandilembetsa kalata ndi iyi. Yusufu anagula buku ku Balaka, la wapolisi wofufuza milandu, limene anthu akulimbirana. Ndinkawawerengera amayi anzanu pakhonde tikusankha thonje. Poyamba linkakoma mpaka nyemba kupserera pamoto. Kenako wolembayo akuti mkazi wina wachisilamu ananamizira kufa pothawa mlandu. Akuti anamusambitsa, anamuika m'bokosi, popanda wozindikira. Bokosi, Amayi! Ife Asilamu ndi bokosi tinadziwirana kuti? Ndinaliponya pansi bukulo. Ndalama ya Yusufu inangopita m'madzi, wolembayo sanapondepo m'chipinda chosambitsira maliro.

Mtima utandikwera, ndinayamba kulongosola: madzi ofunda, kusisita pamimba, kuyambira mbali ya kumanja, kutsuka katatu, kuluka tsitsi patatu, nsalu zisanu za sanda zokulungira thupi. Munthu wamoyo ungamugwire chonchi, iye osatekeseka? Paja munkati, "Maso amapusa, mwana wanga, koma manja sungawanamize."

Nditamaliza, ndinazindikira kuti ndadziulula. Abiti Saidi, anzanu amene munkasambitsa nawo maliro, ankangondiyang'ana. Zaka ziwiri ndakhala ndikuwakana kuti sindidziwa kanthu, ndinkangokunyamulirani ndowa. Chonsecho anali mantha basi. Iwo manja ayamba kunjenjemera ndi ukalamba, moti maliro a mwezi watha anadikira mpaka madzulo kuti wosambitsa achokere kwa Mposa. Tsiku limenelo ndinachita manyazi, komabe sindinadzipereke.

Ndavomera, Amayi, ndalowa ntchito yanu. Ndikudabwa kuti mtima ukungodumpha ndi chimwemwe, kungokhala ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Ndagula kale ndowa yatsopano ndi sopo, ndipo Abiti Saidi akundikumbutsa madua, mapemphero aja osambitsira, tsiku lililonse. Andipempha chinthu chimodzi chokha: tsiku lawo likadzafika, ndidzawasambitse ndine.

Tsiku lanu lija ndinathawira kuseri kwa nkhokwe, inu n'kusambitsidwa ndi ana a eni, mwana wanu alipo. Mundikhululukire. Ndimakukondani, ndipo ndikulonjeza kuti Abiti Saidi sindidzawathawa.

Ndine mwana wanu,
Asiyatu