Tiyi wa a Ibrahim

Lachiwiri, mwezi wa Juni. Tsiku linayamba bwino koma latha mowawa.

Kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito ku Oadby, kuno ku England, a Ibrahim, agogo achimwenye amene anabadwira ku Limbe, akhala akundiphunzitsa kiriketi m'Chichewa chawo chakalekale. India ndi England ayamba kusewera Lachisanu. Lero amati India ili ndi omenya mpira odekha, oti atha kuima tsiku lonse osatulutsidwa. Ine ndinati, "Koma bambo, kuno n'kwa mitambo. Oponya a England ndi aliwiro, mpira uzikhotera komwe akufuna." Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuti, "Achemwali, mwayamba kundiposa."

Kenako analowa mwana wawo, amene ali ndi shopu, kudzawaona. Pomwe ndimati ndimalize mfundo yanga, a Ibrahim anangoti, "Iwe, tiyi," osandiyang'ana n'komwe.

Ndili ndi ana atatu, imvi zayamba, koma mlendo akafika ndimasanduka iwe. Amayi anga anakalamba akumva mawu omwewo m'makhitchini a ku Limbe.

Tiyiyo ndinapanga. M'basi yobwerera kunyumba ku Braunstone ndinapezeka ndikufunira England chipambano, ine amene sindinaisapotepo pa chilichonse. Mawa akayambanso zoti achemwali, kaya ndikayankha bwanji, kaya...