Tepi ya Munda wa a Twumasi

Lolemba, 9 Januwale

Fumbi la chilimwe paliponse. M'mano, m'tiyi, m'makina.

A Twumasi abweranso, kachitatu. Nkhalamba yolima koko kunja kwa Sunyani kuno. Mlandu wa malire a munda wawo ulowa m'khoti pa 26. Mwana wa mlongo wawo akuti theka ndi lake. Umboni ndi muyeso wa 1994. Mapepala ake tinaotcha tokha, kuwomba m'manja ndi zakumwa zomwe, tsiku limene ofesi ya malo ino inalandira makompyuta. Muyesowo watsala pa tepi nambala 14, ndi kope lake pa madisiki asanu.

Makina owerengera matepi anafa Lachisanu, lamba anaduka. A madisiki anatsogola chaka chatha.

"Bola zilimo, mwana wanga," atero a Twumasi. Zilimodi. Ngati madzi m'chitsime chopanda chingwe.

Lachitatu, 11 Januwale

Kwa a bwana Amankwaah. Kalata yanga yachisanu yopempha makina ena ndaipeza pansi pa kapu yawo. Ikugwira ntchito ndithu.

"Mayi Pokuaa, inu ndi mafupa anu akalewa, mudzakwatirana."

Zaka zinayi pakoleji ku Kumasi, kuti ndizipukuta mitu ya makina ndi thonje ndi spiriti, n'kumasekedwa ndi munthu wolemba pakompyuta ndi chala chimodzi.

Andilola kukasaka makina akale ku Accra sabata yamawa. Basi ndilipire ndekha. Mtima wawo uli pa maliro a mayi awo, amene akhala m'firiji miyezi itatu kudikira pa 21. Nsalu yapadera, ng'ombe ziwiri, gulu loimba. Akuti kiyi ndisiye, mwina kungabuke moto.

Tepi 14 ndi madisiki ake ndaziika m'kakatoni kawokha patebulo, ndalembapo TWUMASI. Ndikangofika, ntchito.

Lachisanu, 20 Januwale, Accra

Masiku awiri pamsika wa zitsulo zakale. Utsi, mapazi otupa.

Makina awiri. Ena onyezimira, wogulitsa akulumbira pali Mulungu. Ena onyansa, odzimbirira, koma lamba wolimba, kagudumu ka labala kosasungunuka. Ndinatenga tepi yopanda ntchito yoyesera. Onyezimira aja aitafuna ngati mbuzi. Wogulitsa: "Achemwali, tepi yanuyi inabwera ikudwala kale."

Ndagula onyansawo, ndi ena a madisiki. Chimodzimodzi mmene ndikanayenera kusankhira mwamuna.

Ndadya kenke, nsima yakuno, ndi nsomba chiimire. Chimwemwe chenicheni, choyamba chaka chino.

Lolemba, 23 Januwale

Masipika asanu ndi limodzi m'chipinda changa cha matepi kuofesi.

A pamaliro. Aatali ngati munthu, kumsana kosatseka, maginito ake ngati zivundikiro za mapoto. Alowa Lachinayi, atuluka Loweruka kukagwedeza tauni, abwereranso. Chifukwa: m'nyumba yonse ino, chipinda chokhoma bwino ndi chopanda fumbi ndi changa chokha. Zaka khumi ndi zinayi ndikutseka ming'alu ndi nsanza, osadziwa kuti ndikukonzera masipika pogona.

Kakatoni patebulo palibe. Ndakapeza m'kati mwa sipika, kumsana, katatsamira maginito. Maginito, amene amafufuta matepi ndi madisiki.

A bwana, akadali m'nsalu yakuda: "Koma sitinawayatse m'chipindamo." Ndawauza kuti maginito sazimitsidwa. Andiyang'ana ngati ndatukwana malemu.

Lachiwiri, 24 Januwale

Makina onyansa aja ngabwino. Tepi 9, 13, 22, zonse zawerengeka, mayina ndi malire mbee. Zinali pashelefu, kutali.

Tepi 14, ayi. Ndapukuta mutu, ndayesa. Ndapukutanso. Kasanu. Imazungulira mwaulemu mpaka kumapeto, osanena kanthu. Madisiki onse asanu, kompyuta ikufunsa ngati ndikufuna kuwakonza kuti ndiyambe kulembapo. Akuoneka atsopano.

Ndikanaisiya pashelefu. Kope ndikanaliika kwina, monga ndimaphunzitsira ena. Ndine ndinazisonkhanitsa malo amodzi.

A bwana alembera kulikulu kuti zipangizo zakale zalephera, monga akhala akuchenjezera. Andipatsa kalatayo kuti ndiwakonzere masipelo.

Lachitatu, 25 Januwale

A Twumasi, m'mawa. Nsalu yosita, yokonzekera khoti la mawa. Phava la nthochi zophika, mphatso yanga.

Nkhani zambiri. Pamaliro anapita. Sadziwana ndi malemu, koma munthu amene nkhani yako ili m'ofesi mwake sumusiya kulira yekha. Anapereka chipepeso, anavina. Lachinayi lija anabwera kudzandifunsa, napeza amuna akulowetsa masipika, nagwira nawo, ndi msana wawo umenewo.

"Ndinaona dzina langa pa kakatoni, kuwerenga ndimatha pang'ono. Anthu aja amangokankha zinthu. Ndiye ndinakabisa ndekha m'kati mwa chisipika, poti pasafike phazi la munthu. Mwakapeza, eti?"

Ndakapeza, bambo.

"Basi, tulutsani pepalalo, ndikamuonetse mwana wachipongwe uja."

Ndawauza akhale, ndikawatungire madzi. Ndili kuseri kwa ofesi, kapu ili apa, yadzaza kalekale. Pazenera ndikuwaona. Chipewa pabondo, akumwetulira makina anga atsopano.

Ndikalowa ndinena kuti ndi fumbi. Kapena kuti ndine. Koma zoti ndi iwowo...