Madzi a M'chitsime cha Abambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti miyendo ya abambo ikumatupabe.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni timangodulana mawu.

Mukudziwa zimene adokotala ananena: impso za abambo zatopa, ndipo madzi a m'chitsime chathu ali ndi mchere wambiri. Ine sindinadabwe, ketulo yathu m'kati mwayera ngati mwapakidwa laimu. Koma tsiku limene munawauza abambo pafoni kuti chitsimecho chikwiriridwe tizigula madzi a m'mabotolo, anazimitsa foni n'kukakhala pakhonde. Kenaka anati chitsimecho anakumba ndi manja awo, malemu amayi akukoka dothi ndi ndowa, ndipo tonse tinakulira madzi omwewo popanda womera nyanga.

Ndiye ndinapita kusitolo ya mapaipi. Makina osefera madzi ali mbwee, mutu kuchita kuzungulira. Kamakina kaja munanditumizira chithunzi, koika patebulo, n'kokongoladi, koma wogulitsa anati kamangochotsa fungo ndi zinyalala, mchere umadutsa. Ochotsa mchere ndi oika pansi pa sinki. Madzi amakankhidwa pakansalu kothina kwambiri, abwino amalowa m'kathanki, amchere amatayidwa. Ndinatenga okhala ndi kapampu, poti madzi athu amatsika mwaulesi kuchokera m'thanki imene timapoperamo a m'chitsime. Ndinaonetsetsanso kuti masefa ake amapezeka pafupi, tisamadzakuvutitseni akatha.

Mlandu unabuka pa mawu oti kutayidwa. Abambo atamva kuti otayidwa amachuluka kuposa akumwa, anati m'nyumba mwawo simulowa chinthu chomalavula ngati mwana wokhuta. Tinakambirana mpaka tinagwirizana kuti paipi yotayira ilowe mumgolo, madziwo tizikolopera ndi kuchapira. Anaboola khoma okha, akupumira m'mwamba, koma sanalole kuti mmisiri wodzaika makinawo awalande chobowolera.

Madzi oyamba atatuluka, anagwira kapu nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti, "Amenewa achokera m'chitsime changa chomwechi?" Ndinati inde. Analawa n'kunena kuti ndi madzi opanda nkhani, ngati mlendo wamanyazi. Tinaseka. Koma akumwa, achimwene, ndipo amadzitungira okha.

Tsono imvani chimene ndalembera. Dzulo ndinawapeza akusesa pachitsime. Osanditembenukira n'komwe, anandifunsa ngati mwana wawo woyamba akuganiza kuti zaka zonsezi ankatimwetsa poizoni. Funsolo silinali langa.

Ndikudziwa kuti munayankhula chifukwa cha mantha, nanenso ndili nawo. Koma iwo sanamve manthawo, anamva chiweruzo. Chonde musatchulenso zokwirira. Aimbireni. Akapanda kuyankha, imbaninso, ndidzawaikira foniyo kukhutu ndekha.

Ndipo ngati kuntchito angakuloleni, bwerani. Ndisakubisireni: adokotala sakulonjeza zambiri. Makinawa angachepetse mtolo, koma impso sangazibweze. Musadikire kuti ndidzachite kukuitanani ndi mawu ena.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti agogo awo amawatchula mayina mmodzimmodzi akamapemphera. Dzina lanunso amalitchula, ngakhale amayamba akhosomola kaye.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza