Phulusa limene amayi aang'ono anatsuka

Amayi anga,

Kodi mwaswera bwanji kumene muliko? Ine kuno ku Sweden ndili moyo, kungoti kuzizira kwake n'kosaneneka. Miyezi ino dzuwa limangosuzumira ngati mlendo wamanyazi, pofika 15 awazi, 3 koloko masana, lapita kale. Mundikhululukire kuti ndikulemba m'Chinyanja cha kusukulu. Chikunda chathu pakamwa chilipo ndithu, koma ndikati ndichilembe dzanja limakana.

Ndiyambe ndi za kumudzi, chifukwa ndikudziwa kuti inu mukadayamba kufunsa zimenezo musanafunse za ine. Mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga Dalitso, anachira bwino mu Epulo, mwana wamkazi. Anamutcha dzina lanu. Ndiye pakhomo palibe amene amayerekeza kumukalipira, ndipo Dalitso akandiimbira foni amandiuza kuti amayi lero akana kugona, amayi anyowetsa thewera. Poyamba mtima unkandidumpha, koma tsopano ndinazolowera. Dalitsoyo akadali wophika pa kampu ija ya alendo ku Nkwali, ndipo akuti alendo akumafunsa kuti buledi wokoma chotere waphika ndani. Chimanga chinachita bwino kupatula kumunsi kwa munda, kumene njovu zinalowa kawiri ngakhale anafukiza tsabola. Thonje ndiye linabereka kwambiri. Mng'ono wanu, amayi aang'ono a Esnati, anasamukira m'nyumba mwanu kuti chiswe chisaigwetse, ndipo munda akuusunga ndi iwo.

Tsopano za sukulu. Digiri imeneyi amaitcha masitazi, ndipo ilipo ya mitundu iwiri. Ina ndi yokhala m'kalasi n'kulemba mayeso, monga tinkachitira ku Lusaka. Yangayi ndi ya kafukufuku. Amakupatsa tebulo m'labu, mphunzitsi mmodzi wokuyang'anira, zaka ziwiri, ndi funso limene yankho lake palibe akulidziwa, ngakhale mphunzitsiyo. Palibe buku loti ukaonere kumapeto ngati wakhoza.

Funso langa ndi ili. Njere za thonje zili ndi mafuta, koma ndi olemera, sangayendetse injini ya chigayo kapena ya pampu. Ukawasakaniza ndi mtundu wina wa mowa wosamwa wotchedwa methano, n'kuthiramo pang'ono mankhwala aukali ngati soda, n'kumatenthetsa uku ukutakasa, mafuta aja amagawikana pawiri. Zolemera zimatsikira pansi, pamwamba pamatsala mafuta opepuka oyaka ngati dizilo. Mankhwala aukaliwo amachokera ku mafakitale akutali. Ine ndikufuna kuona ngati phulusa la mitengo ya thonje, yomwe timangoitentha chaka ndi chaka tikatha kukolola, lingagwire ntchito yomweyo. Ndipo mphamvu imene ndikuifuna m'phulusamo, amayi, ndi yomwe ija inu munkaitcheza kuti ikhale chidulo chophikira therere. Kuno amaitcha potashi.

N'chifukwa chake ndimakuonani tsiku ndi tsiku m'labumu. Ndimaona chitini chanu chobowola pansi, udzu woyala bwino mkati mwake, ndi phulusa losasakaniza, la zitsononkho palokha, la makoko a nthochi palokha. Madontho oyamba munkawalandira padera chifukwa ndiwo aukali. Ndiye kabotolo kaja kopachika kuseri kwa chitseko, momwe munkasiyamo chidulo chakale pang'ono. Chatsopano chikatha kudontha, munkagwira chakale ndi zala, n'kugwiranso chatsopano, kuyerekeza kuterera kwake. Ndikakufunsani chifukwa chake munkati, "Chatsopano sichidziyamikira chokha, chimayesedwa ndi chinzake." Kuno zimenezo amaziphunzitsa ndi mawu ataliatali m'mabuku olemera. Inu amene sukulu munalekeza giredi folo munkazichita muli ndi mwana kumbuyo.

Mphunzitsi wondiyang'anira mukadamukonda. Ndi mayi wa imvi, wamkulu kuposa inu, koma amabwera ku ntchito pa njinga ngakhale msewu uli mbuu ndi chipale. Mabotolo ake amatsuka yekha. Amafuna kuti ndizimutchula dzina lake lenileni monga amachitira onse kuno, koma ine lilime limakana, ndimangoti a Profesa, iwo n'kumaseka. Chimene chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti munthu wophunzira chotero amatha kunena pagulu kuti sindikudziwa, osachita manyazi ngakhale pang'ono. Kenaka amakoka mpando n'kukhala pambali pako kuti mufunefune limodzi.

Chaka choyamba zonse zinayenda bwino. Ndinabwera ndi kathumba ka phulusa limene ndinatentha ndekha m'munda mwanu, la thonje lomaliza limene munabzala. Mafuta ankagawikana bwinobwino, moti a Profesa ankaitana anzawo kuti adzaone. Pofika Seputembala wa chaka chino phulusalo linali pafupi kutha. Ndinatuma Dalitso kuti auze amayi aang'ono atenthe mitengo ya thonje m'munda womwewo anditumizire. Ndinangoti ndi phulusa la kusukulu, basi. Mapepala a boma olola kuti liwoloke anatenga masabata angapo, koma linafika. Nditatsegula ndinasangalala. Linali losalala ngati ufa woyera, lopanda kakhala kapena kamwala, lokongola kuposa langa lija.

Koma mafuta anakana kugawikana. Ndinayesa lero, ndinayesa mawa, m'botolo n'kumangokhala phala limodzi lachikasu. Ndinasintha methano, ndinatsukanso mabotolo onse, ndinakayikira choyezera kutentha. Ndinafika pokayikira ngakhale zotsatira za chaka chatha, kuti mwina ndinkadzinamiza ndekha. Mwezi wathunthu unatha choncho. Munthu wa masitazi, kukayikira zonse kupatula chinthu chimene chinali pamaso panga, chifukwa chinachokera m'munda wathu, m'manja mwa munthu wathu, ndipo chinali chokongola.

A Profesa anandiitana n'kundiuza mofatsa kuti nthawi yanga kuno ikutha mu Juni, ndipo sangandilole kubwerera kwathu chimanjamanja. Anati ngati sindipeza chimene chalakwika pofika kumapeto kwa Novembala, tisiye za phulusa, anditengere funso lina laling'ono logwiritsa ntchito mankhwala ogula, kuti ndimalize pa nthawi yake. Sankandiopseza ayi, ankanditeteza. Koma kwa ine kusiya phulusa kunali kusiya chimene ndinadzera kuno. Digiri ndikadaipeza, koma ya funso la eni ake.

M'mawa wina ndikukonza m'kabati yanga ndinapeza kabotolo kumbuyo kwenikweni. Munali masipuni atatu a phulusa loyamba lija. Palibe anandiuza kuti ndisunge, dzanja linangochita monga linkaonera kwanu, ine n'kuiwala. Ndinatenga mafanelo awiri, n'kuikamo mapepala osefera m'malo mwa udzu, uku phulusa lakale, uku latsopano, madzi ofanana. Kuno kulawa n'koletsedwa, ngakhale kugwira ndi zala zosavala, choncho timaviika kapepala kosintha mtundu kakakumana ndi ukali. Lakale linadontha madzi ofiirira ngati tiyi, kapepala n'kuda bii. Latsopano linadontha madzi oyera ngati a m'chitsime, kapepala n'kungosintha pang'ono chabe. Phulusa lokongolalo linalibe chidulo.

Lamlungu lotsatira Dalitso anapalasa njinga kupita kumudzi kwathu ku Nsefu ndi foni, n'kuwapeza amayi aang'ono atangoweruka kutchalitchi. Titapatsana moni ndinawafunsa ngati phulusalo linachokeradi m'munda wanu. Anati inde, womwewo. Ndinafunsanso ngati linanyowapo ndi mvula. Anakana, koma mawu awo anamveka onyada.

"Ndinalitsuka katatu, mwana wanga," anatero. "Chinthu chopita kwa azungu chipite ndi makala ndi manyi a mbuzi? Akati kwanuko kulibe akuluakulu?"

Anandifotokozera mmene anatungira madzi okha, mmene analiyanikira pa mphasa masiku anayi iwo atakhala pambali ndi kamtengo kopirikitsira nkhuku, ndi mmene analisefera ndi sefa yanu ya ufa. Ndinafunsa ndi mawu otsika kuti nanga madzi otsukirawo anapita kuti.

"Kutaya chidulo chabwino chotero? Tadyera therere mwezi wonse, mpaka a pafupi ankabwera ndi makapu."

Amayi, masitazi anga anadyera therere mudzi wonse. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa kuti misoziyo inali ya chiyani. Kenaka ndinachita chimene ndinayenera kuchita kalekale. Ndinawafotokozera zonse kuyambira pachiyambi, za njere, za mafuta, za dizilo. Nditamaliza anati, "Ndiye iwe unakwera ndege kukatcheza chidulo? Bwanji osanena? Ine ndimayesa akufuna kuliona kukongola." Dalitso ndinkamumva akuseka chapatali.

Atatha kundinyoza anayamba kundifunsa mafunso amene ngakhale a Profesa anali asanandifunsepo. Kodi ndikufuna la kumtunda kapena la kudambo, popeza ukali wake umasiyana? Kodi loyamba lija ndinatenthera pansi kapena pa lata? Nditati pansi, anadandaula kuti ndiye theka lake linali dothi, ndipo inu simunandiphunzitse choncho.

Cholakwa sichinali chawo. Iwo chidulo amachidziwa kuposa ine, chimene sankadziwa ndi chimene ine ndinkafuna, chifukwa sindinawauze. Ine amene munkandinena kuti ndimafotokoza ngakhale zimene sanandifunse, ine amene kuno ndimafotokozera anthu osawadziwa m'basi, ndinaganiza ndekha mumtima kuti anthu akwathu sangamve. Ndipo inunso ndinakuchitirani zomwezo. Kuchipatala kuja munandifunsa kuti kunjako ndikukaphunzira chiyani kwenikweni, ine ndinangoti ndi zovuta kufotokoza, mupume. Munangogwedeza mutu. Mukadamva kuti ndi chidulo, mukadandiuza zambiri pa bedi pomwepo.

Kukauza a Profesa ndinachita mantha, ndimaganiza kuti atiseka ife a kumudzi. Kuseka anasekadi, mpaka kuvula magalasi, koma kenaka anandiuza kuti ndilembe zonse m'buku la labu monga zinachitikira, osabisa kanthu. Anati phulusa lotsukalo ndisataye, chifukwa ndilo umboni woti mphamvu yogawa mafuta ili m'chimene chimasungunuka m'madzi, ndipo tikadayenera kudzalitsuka tokha mtsogolo kuti titsimikize zimenezo. Anangodandaula kuti mwina sitidziwa kuchuluka kwa madzi amene anagwiritsa ntchito. Nditaimbanso foni, amayi aang'ono anayankha mosaganizira kuti chigubu chimodzi chachikasu pa kutsuka kulikonse, chodzaza mpaka pakhosi. A Profesa anati munthu ameneyo akadakhala kuno akadamupatsa tebulo.

Komabe phulusa lenileni linkafunika, ndipo kwathuko mitambo inali itayamba kusonkhana. Anthu onse anali atatentha kale minda yawo. Mvula ikadagwa, ndiye mpaka chaka chamawa, ine nthawi itatha. Amayi aang'ono, ndi mawondo awo opweteka aja, anakwera pa kaliyala ya njinga ya Dalitso n'kuyenda mudzi ndi mudzi kufunsa. Tsiku lachiwiri anapeza mulu wa mitengo ya thonje chakufupi ndi mtsinje wa Lupande, wa bambo wina amene anadwala n'kulephera kutentha pa nthawi yake. Anaupempha, anautenthera pa malata awiri, phulusa n'kulitsekera m'ndowa ya chivundikiro. Patangopita masiku awiri mvula yoyamba inagwa.

A Profesa anavomera kudikira. Phukusi linafika sabata yatha, phulusa lotuwa, la makala, losakongola ngakhale pang'ono. Ndisanachite china chilichonse ndinaliyesa pambali pa lakale, ndipo kapepala kanada kuposa poyamba. Lachiwiri ndinathira m'mafuta. Nditazimitsa chotakasira ndinakhala pa mpando n'kumayang'ana, ndipo pang'onopang'ono mzere unaoneka m'botolo, zolemera pansi, zopepuka pamwamba. Lachinayi zinachitikanso chimodzimodzi. Lamulo la kuno ndi lakuti chinthu chichitike katatu usanachikhulupirire, choncho kwatsala kamodzi, koma a Profesa anena kale kuti za funso lina lija tiiwale. Ntchito ikadalipo yambiri, ndipo sindikudziwa ngati dizilo ameneyu adzafike poyendetsa chigayo cha kwathu. Koma funso ndi langa, ndipo ndilimaliza.

Ndikamaliza ndibwera nthawi yotola thonje. Ndidzatenga amayi aang'ono, tidzabwere kumene munagona, tidzasese, kenaka ndidzakhale pansi ndikuyankheni funso munandifunsa kuchipatala lija, lonse, mosafulumira. Pomwe ndidzalakwitse, mng'ono wanu alipo, sadzandisiya.

Gonani bwino, amayi. Ndimakukondani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Nelia